Maperefyumu a maluwa amene amapirira dzuwa la Okutobala

Perefyumu wa tsiku ndi tsiku sayesedwa m'sitolo. M'sitolo mumazizira bwino, thupi likadali louma, wogulitsa akukusekererani, ndiye chilichonse chimanunkhira. Ine ndimamuweruza cha m'ma 2 koloko masana mwezi wa Okutobala, magetsi atathima mu ofesi, fani itangoti zii, bulauzi itamatirira kumsana. Ndimamuweruzanso madzulo mu minibasi yochokera ku Limbe, titapanikizana anayianayi, pamene mnzanga wa pambali alibe kothawira. Akadutsa malo awiri amenewa popanda wina kukankha windo mokwiya, ameneyo ndimamusunga.

Ndimakonda a maluwa, otsekemera pang'ono koma opepuka. Munthu amve akandiyandikira kudzapereka moni kapena kudzasainitsa pepala, osati anthu adziwe kuti ndafika ndikadali pa geti. Ntchito yanga ndi yolandira anthu pa kauntala, ndipo pa tsiku pamadutsa agogo, amayi oyembekezera amene kafungo kalikonse kamawachititsa nseru, ndi ena odwala mphumu. M'chipinda chathu tilimo atatu. Mmodzi mwa anzangawo mutu umamuwawa akangomva fungo lamphamvu, ndipo sabisa mawu. Amangokweza maso n'kufunsa kuti, "Asisi, lero mwachita kusambira m'botolo?" Choncho amene akufuna wa ku ukwati kapena wa ku phwando la usiku asayembekezere zambiri pano. Ndikukamba wa Lolemba mpaka Lachisanu.

Amene ndimamuika patsogolo ndi Chance Eau Tendre wa Chanel, wa botolo lozungulira lija, madzi ake a pinki wotuwa. Anatuluka mu 2010, ndipo anamusakaniza ndi Jacques Polge, yemwe anagwira ntchito imeneyi ku Chanel kuyambira 1978 mpaka anadzasiyira mwana wake Olivier. Mukangopopera, choyamba kufika m'mphuno ndi manyumwa, kuwawa kwa khungu lake kuja mukamalisenda ndi chala, pamodzi ndi chipatso chotchedwa quince chomwe ndi pachibale ndi maapozi. Kuwawasa kumeneko ndiye chinsinsi chake chonse kwa ine. Kumagwira kutsekemera pakhosi kuti kusapyole malire. Maperefyumu ambiri otsekemera amayamba ndi shuga n'kumaliza ndi shuga, pamene uyu amayamba ngati akufuna kukudzutsani, kenako n'kufatsa.

Pakatha mphindi 20 kapena 30 zipatso zija zimachepa, jasmine n'kutulukira. Amene munakhalako pafupi ndi mpanda wa jasmine usiku mukudziwa kuti duwa limenelo lili ndi kafungo kena kolemera kumapeto kwake, koti ena amati n'konunkha ndithu. Mu Eau Tendre kameneko mulibe. Muli mbali yowala yokha ya duwalo, ndi kobiriwira pang'ono ka duwa la hyacinth. Pofika masana chimatsala ndi musk woyera. Anthu akamati perefyumu wakuti amanunkhira ukhondo, kawirikawiri ndi musk ameneyu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: mitundu yomweyi ya musk ndi imene amathira mu sopo wa ufa wochapira, ndiye mphuno zathu zinazolowera kuti fungo limeneli ndi la chovala chochapa. Pa khungu langa pofika nthawi yoweruka amakhala atatsala pang'ono kwambiri, koma pa kolala ya bulauzi ndimamupezabe mawa lake pochapa.

Alipo awiri, ndipo musasokoneze pogula. Wa 2010 ndi eau de toilette. Mu 2019 Olivier Polge anatulutsa eau de parfum wa dzina lomweli, wokhala ndi rozi wambiri komanso wokhuthala. Mawu awiriwa amanena za kuchuluka kwa mafuta onunkhira m'botolomo: eau de toilette amakhala ndi magawo a pakati pa 5 ndi 15 pa 100 alionse, kwinako ndi sipiriti ndi timadzi pang'ono, pamene eau de parfum amafika 15 mpaka 20. Ambiri amathamangira wachiwiriyu poganiza kuti ndalama yawo ipindula. M'nyengo yotentha ine ndimasankha woyambayo. Kutentha kumakweza fungo, ndiye chimene chimamveka chofatsa ku Paris mu Disembala chimafuula ku Blantyre mu Novembala.

Vuto lake ndi limodzi, mtengo. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la Chanel lasanduka chinthu choganizira kawiri ngati mmene munthu amaganizira lendi. Langa anandigulira ndi achemwali anga a ku Joni, ndipo linabwera litakulungidwa m'thawulo pakati pa sutikesi, pa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ndimalipopera mowerengera.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chimene ndimamva kawirikawiri kwa ogulitsa, chakuti wawo ndi wa maluwa enieni okhaokha, alibe mankhwala. Musamachite kutsutsana nawo, ingomwetulirani. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi ku Kazanlak m'dziko la Bulgaria, amathyola maluwa olemera matani atatu kapena anayi, m'mamawa dzuwa lisanakwere, m'miyezi ya Meyi ndi Juni yokha. Jasmine wa ku Grasse ku France amathyoledwa ndi manja, duwa limodzilimodzi, ndipo Chanel inachita kupangana ndi banja la alimi la Mul mu 1987 kuti minda ya kumeneko isathe. Zinthu zoterozo sizingadzaze botolo lililonse la pa shelefu. Komanso maluwa ena, monga peony ndi lily of the valley, satulutsa n'komwe mafuta oti n'kuwasunga, ndiye fungo lawo amachita kulimanga m'labotale. Kuwala kumene timakonda m'maperefyumu opepukawa nthawi zambiri kumachokera ku mankhwala otchedwa Hedione, omwe anatchuka mu 1966 pamene Edmond Roudnitska anawaika mu Eau Sauvage wa Dior. Ine sizindikhumudwitsa. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti zina mwa zachilengedwe zimene zimalowamo zimachokera kwa anzathu a mu SADC momwemu, kutsidya kwa nyanja kuseri kwa Mozambique: duwa la ylang-ylang ku Comoros, ndi vanila ku Madagascar, dziko limene limatsogola pa mbewu imeneyi padziko lonse. Zimapita ku Ulaya m'migolo, n'kubwerera kuno m'timabotolo tokhala ndi riboni.

Daisy wa Marc Jacobs, wa 2007, ndi amene ndimalangiza mtsikana woyamba ntchito. Chivindikiro chake chili ndi maluwa oyera ofewa ngati labala, ndipo mwana aliyense wolowa kuchipinda kwanga amafuna kuwakudzula. Amayamba ndi sitiroberi, koma osati wa jamu. Ndi sitiroberi wosapsetsa, wokhala ndi kamsisi kake kobiriwira, wonga amene anyamata amagulitsa m'timbale pokwera phiri la Zomba. Pambali pake pali tsamba la violet lomwe limabweretsa kuzizira kwa nkhaka yongodula kumene. Kenako maluwa oyera, kenako vanila wochepa kwambiri. Sindinamvepo munthu akudandaula naye, ngakhale mnzanga wa mutu uja. Koma kunena zoona sindinamvenso wina akundiimitsa pa msewu kufunsa dzina lake. Ndi perefyumu waulemu, wodziwa malo ake, ndipo masiku ena ndi zomwezo zimene munthu umafuna.

Anamupanga ndi Alberto Morillas, mbadwa ya ku Seville ku Spain amene wagwira ntchito zaka zambiri ku kampani ya Firmenich ku Geneva. Ndi yemweyo anapanga Acqua di Giò wa abambo mu 1996, Flower by Kenzo mu 2000, komanso Bright Crystal wa Versace mu 2006. Mukadziwa zimenezi mumayamba kumva dzanja limodzi m'zonsezi, lokonda zinthu zamadzimadzi ndi zowala. Bright Crystal ndi wa makangaza, maluwa a peony ndi magnolia, ndipo mphindi zake zoyambirira zimazizira ngati mwatsegula furiji. Ndi wokondedwa kwambiri ndi amayi a m'mabanki ndi m'maofesi a m'tauni muno, moti nthawi zina mu lifiti mumakumana awiri onunkhira mofanana. Kwa ine ndi wopyapyala kuposa mmene ndimafunira, ndimasowamo kena kogwira pansi. Mng'ono wanga, yemwe khungu lake ndi lamafuta, amamukhalitsa mpaka madzulo ndipo pa iye amatsekemera kuposa pa ine. N'chifukwa chake kugula perefyumu chifukwa wanunkhira pa mnzako ndi juga.

Pa nkhani ya kutsekemera ndi pamene ine ndi atsikana a masiku ano timasiyana. Mwana wa achimwene anga, wa ku koleji, anabwera pa holide ndi Yara wa kampani ya Lattafa ya ku United Arab Emirates, botolo la pinki lija ladzaza pa TikTok. Atandipopera pa mkono anati, "Azakhali, inu mumakonda a madzimadzi, imvani perefyumu weniweni." Ndinamva. Poyamba pali kanachesi pang'ono, kenako maluwa a orchid ndi heliotrope okhala ngati paudala, ndiyeno vanila ndi zipatso zosakaniza ndi mkaka, zokhuthala. Ndi wokoma, sindikana, ndipo pa mtengo wake amakhalitsa modabwitsa. Madzulo a mu Juni, munthu utavala juzi, ndi wabwino zedi. Koma kuti ndimuvale masana a mu Okutobala pa kauntala yanga, ayi. Shuga pa thupi lotentha amakula, amadzaza chipinda, ndipo amene wakhala nawe pafupi amayamba kumeza malovu ngati wadya keke yambiri. Mtsikanayo amapopera kasanu n'kutuluka, ndipo anzake amamuyamikira. Pa msinkhu wake ndi kumene amapita, mwina akulondola.

Fasho ya maperefyumu onunkhira ngati zakudya si yakale kwambiri. Inayamba mu 1992 ndi Angel wa Thierry Mugler, m'mene Olivier Cresp anathira mankhwala a ethyl maltol, a fungo la shuga wopsereza, mochuluka kuposa mmene ena ankachitira. Pofika 2012, pamene Lancôme inatulutsa La Vie Est Belle, kutsekemera kunali kutasanduka lamulo, ndipo lero ngakhale perefyumu wolembedwa kuti ndi wa maluwa amabwera ndi supuni yake ya shuga. Muyezo wanga ndi uwu: kutsekemera kuchokere ku chipatso kapena ku duwa, kukhale ndi kowawasa kapena kobiriwira pambali. Kukachokera ku karamelo ndi vanila wokhawokha, ndimamusungira nyengo yozizira.

Pali amayi amene amayenda m'maofesi ndi chikwama chodzaza timabotolo ta mafuta todzola ndi kampira, tolembedwa mayina a maperefyumu otchuka. Sindingawanyoze onse. Mafuta opanda sipiriti amakhala pafupi ndi khungu, safalikira kutali, ndipo anzathu ambiri achisilamu ndi amene amakonda, ena mwa iwo amanunkhira bwino kuposa ife a mabotolo odula. Koma muyenera kudziwa amene mukumugula. Kena kamene ndinagula kolembedwa dzina la perefyumu wina wa maluwa kanali ngati thobwa: m'mawa kukoma, koma kutangotentha kanayamba kusasa, ndipo pofika masana ndinkangomva fungo la pulasitiki yopsa pansi pa shuga. Kanasiyanso dontho lachikasu pa kolala ya bulauzi yoyera lomwe silinachoke ngakhale ndi sopo wa mtanda. Ngati mukufuna a mafutawa, dzolani pa khungu lokha, mudikire alowe musanavale, ndipo musalipire tsiku lomwelo. Pemphani akudzozeni pa mkono, muyende nawo mpaka madzulo, mudzagule mawa.

Kukazizira zinthu zimasintha. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo n'kuphimba Blantyre yense, maperefyumu anga a manyumwa aja amangoti phee, samveka. Pamenepo ndimatulutsa Chloé, eau de parfum wa 2008 wopangidwa ndi Michel Almairac ndi Amandine Clerc-Marie, wa botolo la mizeremizere lokhala ndi riboni pakhosi. Uyu ndi rozi, koma osati rozi wa agogo wolemera uja. Ali ndi peony ndi chipatso cha lychee pamwamba, ndipo pansi pake pali kouma ka mtengo wa cedar. Amanunkhira munthu wamkulu amene wasita zovala zake bwino. Ndimamuvala ku misonkhano ndi ku tchalitchi, ndipo apongozi anga, omwe sayamikira zinthu wambawamba, anandifunsapo kuti, "Kodi sopo wake ndi uti ameneyu, mayi?" Ndinatenga ngati chiyamikiro. Ndi wamphamvu kuposa mmene amaonekera. Kupopera kamodzi pa chifuwa mkati mwa zovala n'kokwanira, kawiri ndiye malire. M'chilimwe rozi wake amathwa kwambiri pa ine, ndiye amapuma m'bokosi lake mpaka mvula itatha.

Miss Dior Blooming Bouquet, wa 2014, ali pakati pa Chloé ndi Eau Tendre: peony, rozi wofewa ndi kanachesi. Ndi wokongola ndiponso wamanyazi, woti anthu akhale pafupi kwenikweni kuti amumve.

Si tsiku lililonse loyenera Chanel, ndipo botolo limene limatha msanga pa tebulo langa ndi la Avon. Kampani imeneyi inayamba ku New York mu 1886 ndi David McConnell, wogulitsa mabuku khomo ndi khomo amene anaona kuti amayi ankakonda kwambiri timabotolo ta perefyumu timene ankapereka ngati basera kuposa mabukuwo. Mpaka lero malonda ake amayenda chimodzimodzi, mayi kwa mayi, ndi kabuku ka zithunzi kozungulira mu ofesi mpaka kukutha m'makona, katundu n'kubwera kuchokera ku South Africa, kulipira pakutha pa mwezi. Amayi athu ambiri amadziwa Far Away, wa 1994, yemwe ndi wolemera, wa maluwa ndi vanila, wa pa chinkhoswe ndi pa ukwati. Wanga wa masiku wamba ndi Pur Blanca: maluwa a freesia ndi peony, komanso musk, woyera ngati botolo lake. Alibe zokhotakhota, mmene wayambira ndi mmene amathera. Sindimumvera chisoni popopera, ndimamuika ngakhale pa mpango, ndipo anthu andifunsa dzina lake kambiri kuposa mmene andifunsira la Daisy. Zimenezo zimandiseketsa ndikaganiza kusiyana kwa mitengo yawo.

Masiku oopsa kwenikweni, monga ulendo wa ku Chikwawa kapena Nchalo kumene kutentha kumapyola madigiri 40, ndimasiya maluwa n'kutenga Green Tea wa Elizabeth Arden, wa 1999. Wopanga wake ndi Francis Kurkdjian, yemwe pambuyo pake anapanga Baccarat Rouge 540 amene aliyense akumukopera masiku ano, ndipo mu 2021 anakhala mkulu wa maperefyumu ku Dior. Tiyi wa ku Thyolo sindimumvamo. Ndimamva mandimu, mint ndi kajasmine kakutali. Ndi wotsika mtengo, amazizira pa khungu, ndipo samenyana ndi thukuta.

Dandaulo limene ndimamva kwambiri pa maperefyumu opepuka ndi lakuti sakhalitsa. N'zoona, ndipo sangakhalitse. Fungo la ndimu, nachesi ndi manyumwa limachokera ku tinthu topepuka timene timauluka msanga, makamaka pa khungu lotentha. Zimene zimakhala maola ambiri ndi zolemera: vanila, mitengo, utomoni, musk. Ndiye kufuna perefyumu wopepuka amene akhale kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka usiku n'kufuna zinthu ziwiri zosayendera limodzi. Ine ndinangovomereza. M'chikwama mwanga mumakhala kabotolo ka 5ml kopopera, ndipo pa nthawi ya nkhomaliro ndimapukuta khosi ndi m'manja ndi kansalu konyowa, ndiume, kenako kamodzi kokha. Kupopera pamwamba pa thukuta n'kuwononga, zimangobereka fungo lachitatu lomwe palibe analipempha.

Chinanso, mphuno imatopa. Fungo limene mwakhala nalo kwa kanthawi ubongo umasiya kulilabadira, ndiye inu mumaona ngati latha pamene anzanu akulimvabe bwinobwino. Amene amatikwiyitsa mu minibasi ambiri si ankhanza, angosiya kudzimva n'kuwonjezera. Musanawonjezere funsani mnzanu wosabisa mawu. Ofesi iliyonse ali naye.

Zina n'za pakhomo pathu pomwe, zoti a ku Paris sangakuuzeni. Ngati m'mawa mumayamba mwakoleza mbaula kuti ana amwe phala, utsi wa makala umalowa m'tsitsi ndi m'zovala, ndipo peony pamwamba pa utsi sagwirizana ngakhale pang'ono. Ine ndimaphika nditavala chitenje chakale ndi duku, kusamba pambuyo, zovala za ku ntchito n'kuvala pomaliza penipeni. Mafuta odzola nawonso ndi nkhani. Ambiri timadzola a cocoa butter kapena jele wa fungo lake kale, ndiye perefyumu wopepuka amamira m'menemo. Pamalo pamene mukufuna kupopera pakani Vaseline wopanda fungo, pang'ono chabe, chifukwa khungu louma limameza perefyumu msanga pamene la mafuta limamugwira. M'Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ya fumbi ikatiwumitsa miyendo mpaka kutuwa, kusiyana kwake kumaoneka kwambiri. Nsalu ya thonje imasunga fungo kuposa khungu, ndiye mpango kapena m'mphepete mwa chitenje ndi malo abwino, bola muyese kaye pobisika ngati sizidetsa. Pa wigi ndi pa mesh ndimapewa, sipiriti imaumitsa.

Ku maliro sindipopera chilichonse, ngakhale Pur Blanca. Kokaona wodwala kuchipatala chimodzimodzi. Amayi anga anatiphunzitsa choncho ndipo sindinaonepo chifukwa chosinthira.

Posunga, adani ndi dzuwa ndi kutentha. Botolo lokongola limakopa kuti likhale pa windo kapena pa dressing table kuti alendo alione, koma m'nyumba ya malata yopanda siling'i chipinda chimatentha masana onse, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi za mandimu ndi manyumwa zija, zomwe ndi moyo wa maperefyumu amenewa. Madzi akayamba kuda ndi kununkha ngati vinega poyambirira, watha ameneyo. Anga amakhala m'mabokosi awo, pansi m'wadiropu, kuseri kwa nsapato. Pa chifukwa chomwechi sindigula la 100ml ngakhale limaoneka lotchipa powerengera. La 30ml kapena 50ml limatha lisanatembenuke.

Achinyengo ndiye adzaza, ndipo ena amapakidwa bwino moti diso lokha silingazindikire. Ndimayang'ana nambala yosindikizidwa pansi pa bokosi ngati ikufanana ndi ya pansi pa botolo, pulasitiki yokutira ngati yapindidwa mwaukhondo kapena yangomatidwa ndi guluu wambiri, ndi zilembo ngati zili zowongoka. Koma umboni waukulu ndi mtengo. Wina akakuuzani kuti Chanel wa 100ml akugulitsa pa mtengo wa nkhuku ziwiri chifukwa wachokera ku duty free, masitolo opanda msonkho a pa bwalo la ndege, mufunseni ngati nkhukuzo ali nazo, mugule zimenezo. Vuto la wachinyengo si kutha msanga kokha. Simudziwa chimene athiramo, ndipo chikupita pa khosi panu tsiku lonse padzuwa.

Njira imene yatithandiza ife pa ofesi ndi yosonkherana, ngati chipereganyu. Timagwirizana perefyumu mmodzi, aliyense n'kuponya gawo lake, ndipo achemwali anga amakagula ku sitolo yodziwika ku Johannesburg n'kutumiza lisiti pa WhatsApp tisanawatumizire yotsala. Likafika timatseka chitseko nthawi ya nkhomaliro, timachotsa kamutu kopopera, n'kumakoka ndi sirinji yatsopano ya ku famase kuthira m'timabotolo tagalasi ta 10ml, wina akuwerenga mizere mokweza kuti pasakhale wodandaula. Mwa njira imeneyi munthu umakhala ndi mitundu itatu kapena inayi yeniyeni pa ndalama ya botolo limodzi, ndipo ngati wina sanakuyanje umasinthana ndi mnzako. Mkangano umakhala pa botolo lenilenilo, poti aliyense amalifuna ndi chivindikiro chake. Tinapangana kuti limapita kwa amene wakalandira katundu ku depoti ya basi n'kulipira ya kabaza. Ulendo uno tikusonkhera Daisy Eau So Fresh, wa 2011, ndipo mnzanga wa mutu uja wanena kale kuti ku depoti apita yekha.